Kusankha filimu yoyamba ya chinenero chachilendo yoti muonere ndi banja lonse

Mafilimu a m'zinenero zakutali si nkhani yatsopano m'makomo mwathu. Ambiri tinakula tikuonera a Jackie Chan ndi a Jet Li m'mavidiyo shoo, amayi ndi azakhali saphonya nkhani za ku India pa Zee World, ndipo achinyamata amadziwa kokapeza filimu yoti wina anaimasulira kale m'Chichewa, n'kuthiramo nthabwala zake. Koma zonsezi zimatifika mawu a eni ake atachotsedwa kapena ataphimbidwa. Chimene sichinazolowereke n'chakuti filimu izilankhula m'chinenero chake, kaya Chiperisiya kaya Chijapanizi, inu n'kumawerenga tanthauzo m'munsi mwa sikirini, timawu tija timangoti ma subtitle.

Ngati inu munazolowera kale ndipo mukufuna kuti apabanja panu alaweko, dziwani kuti mlandu wonse udzagamulidwa ndi filimu yoyamba. Ikawatopetsa mudzamva zoti "mafilimu ako owerengawo uzionera wekha," basi nkhani yathera pomwepo. Choncho musasankhe imene inu mumaikonda kwambiri, ngakhale imene inakolola mphoto zambiri. Sankhani imene munthu wowerenga pang'onopang'ono kuposa onse m'nyumbamo angaitsate mpaka kumapeto.

Yambani mwaona amene adzakhale pamipando

Musanaganize za dzina la filimu, werengani anthu. Kodi pali ana a sitandade 3 kapena 4? Pali agogo amene maso anayamba kuvuta? Pali alamu amene Chingerezi amamva bwinobwino, koma kuwerenga mothamanga ayi? Mafunsowa ndi olemera kwa ife kuposa kwa banja la ku London, chifukwa mawu a m'munsiwo pafupifupi nthawi zonse amakhala m'Chingerezi. Mu January 2020, wokonza mafilimu Bong Joon-ho wa ku South Korea polandira mphoto ya Golden Globe anauza anthu kuti ma subtitle ndi kachotchinga kotalika inchi imodzi yokha, ndipo akakadumpha adzapeza mafilimu abwino ochuluka. Ankanena zoona, koma ankauza anthu amene Chingerezi anayamwira. Kwathu kuno munthu akumva Chikoreya, akuwerenga Chingerezi, akuganiza m'Chichewa, maso omwewo akufunikanso kuona nkhope za osewera.

Mawuwonso sadikira munthu. Malamulo amene Netflix imapereka kwa olemba ma subtitle a Chingerezi amati mzere usapitirire zilembo 42, mizere isapitirire iwiri, ndipo mawu asakhale pa sikirini kuposa masekondi 7. Liwiro lololedwa ndi zilembo 20 pa sekondi m'mapulogalamu a akuluakulu, 17 m'mapulogalamu a ana. Ndiye kuti mizere iwiri yodzaza itha kubwera n'kuchoka m'masekondi anayi kapena asanu. Wa fomu 2 akwanitsa. Wa sitandade 4 angogwira mawu atatu oyambirira, ndipo agogo angoona zoyerayera zikuphethira m'munsimo.

N'chimodzimodzi ndi ndiwo pakhomo pamene pali wina wosadya tsabola: mumaphika zopanda tsabola, wofuna amathira m'mbale mwake. Wowerenga msanga sataya kanthu pa filimu ya mawu ochepa, pomwe wowerenga pang'onopang'ono mukamupatsa ya milandu ya kukhoti kapena ya ndale amasochera mphindi khumi zisanakwane.

Iyeseni ndi maso okha

Ikani filimu imene mukuiganizirayo, zimitsani ma subtitle, muonere mphindi khumi. Mukatero dzifunseni ngati mwadziwa kuti nkhaniyi ndi ya ndani, akufuna chiyani, ndipo chikumutchinga n'chiyani. Ngati zitatu zonsezi mwazipeza osawerenga liwu ndi limodzi lomwe, filimuyo yakhoza.

Mafilimu okhoza mayeso amenewa amafanana ndithu. Mwini nkhani amakhala mmodzi kapena awiri, kawirikawiri mwana. Chimene akufunacho chimakhala chinthu chogwirika: nsapato, njinga, mpira, kope la mnzake lofunika kubweza. Nkhani imayenda kuchokera poyambira mpaka pothera, osati yodumpha zaka makumi awiri n'kubwereranso m'mbuyo. Olephera ndi aja a anthu asanu ndi atatu a mayina ovuta, atazungulira tebulo kukangana za chuma cha masiye, komanso aja oseketsa amene nthabwala zake zagona pa kusewera ndi mawu. Nthabwala zotero zikamasuliridwa zimafika zitazizira, ndipo mudzangoona anthu a mu filimu akuseka inu muli duu.

Ionereni nokha yonse musanaitane munthu

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene pamachokera manyazi. Tangoganizani muli pakati pa apongozi ndi ana, sikirini yayamba kuonetsa za kuchipinda, rimoti ili pa tebulo uko. Mafilimu ambiri a ku Ulaya sabisa zopsompsonana ndi zovula, ngakhale ena amene eni ake amawatenga ngati a banja lonse.

Zizindikiro za zaka zimathandiza. Za ku America ndi G, PG, PG-13 ndi R, ndipo ya R musaiganizire n'komwe pa tsiku loyamba. Pa DStv ndi GOtv mumaona manambala ngati 13, 16 ndi 18 pamodzi ndi zilembo: V ndi zachiwawa, L kutukwana, S zogonana, N zamaliseche. Pa webusaiti ya za mafilimu ya IMDb filimu yodziwika imakhala ndi tsamba lotchedwa Parents Guide limene limafotokoza malo oterewa amodziamodzi, ndipo a webusaiti ina ya Common Sense Media amanena msinkhu umene akuona kuti ndi woyenera. Werengani zonsezo, komabe filimuyo ionereni. Olemba masamba amenewo sadziwa chimene chimachititsa manyazi kwathu. Chitsanzo ndi My Neighbor Totoro, katuni ya ku Japan ya mu 1988 imene ku America anaipatsa G, kutanthauza yoyenera aliyense. Muli kagawo kamene bambo akusamba m'bafa limodzi ndi ana ake aakazi awiri aang'ono. Ku Japan ndi zachizolowezi ndipo palibe choipa chikuonetsedwa, koma pabalaza pathu pangathe kuchita zii. Mukadziwiratu mungathe kunena mawu awiri kagawoko kasanafike, kapena kusankha ina. Chimodzimodzi nkhani za mizimu: m'mabanja ena tizilombo ta m'makatuni a ku Japan amangoti ndi nthano, m'mabanja ena amayi akangoona amati zimenezo si za m'nyumba muno. Banja lanu mukulidziwa ndinu.

Pali mafilimu angapo amene aliyense wodziwa za kanema adzakutchulirani msanga, ndipo ndi abwinodi, koma pa tsiku loyamba ndi misampha. Parasite ya Bong Joon-ho ya mu 2019 inali yoyamba yosakhala ya Chingerezi kupambana mphoto ya Oscar ya filimu yoposa zonse, mu 2020. Imayamba moseketsa, koma pakati pali za pabedi ndipo kumapeto kuli mipeni ndi magazi. Amélie ya ku France ya mu 2001 imaoneka yosalakwa pachikuto, chikhalirecho muli zogonana. Pan's Labyrinth ya mu 2006, ya m'Chisipanishi, ili ndi kamtsikana ndi zilombo za m'nthano, koma nkhanza za msilikali wa mmenemo ngakhale wamkulu amatembenuza nkhope. Grave of the Fireflies ndi katuni, inatuluka chaka chimodzi ndi Totoro kuchokera ku Studio Ghibli komweko, koma ndi nkhani ya ana awiri akufa ndi njala nthawi ya nkhondo. Tsotsi ya ku South Africa, imene inapambana Oscar mu 2006, ili pafupi ndi kwathu ndipo achibale a ku Joni angamve mawu ambiri, koma imayamba ndi kubaya munthu m'sitima. Zonsezi zisungeni.

Utali wake

Ola limodzi ndi theka ndi muyeso wabwino. Kuwerenga kumatopetsa maso kuposa kungoonera, ndipo ikapitirira maola awiri ana amakhala atagona pamphasa. N'chifukwa chake mafilimu a ku India, ngakhale ambiri timawakonda, si oyambira: Taare Zameen Par ya mu 2007 ndi Dangal ya mu 2016 iliyonse imapitirira maola awiri ndi theka.

Imene ine ndingasankhe

Mutandifunsa dzina limodzi lokha, ndinganene Children of Heaven, filimu ya ku Iran ya mu 1997 imene anakonza Majid Majidi. Ndi ya m'Chiperisiya, ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Ali, mnyamata wa m'dera la anthu osauka mumzinda wa Tehran, wapititsa nsapato za mlongo wake Zahra kwa wosoka. Pobwerera walowa mu kagolosale kukagula mbatatesi, nsapato wazisiya panja m'kajumbo, ndipo munthu wotola zakutha wazinyamulira limodzi ndi zinyalala. Kunyumba lendi ili ndi ngongole, mayi akudwala, moti anawo sangayerekeze kuulula. Ndiye akugwirizana kuti azibwerekana nsapato za Ali: Zahra amapita kusukulu m'mawa, akaweruka amathamanga kukakumana ndi mchimwene wake m'kanjira, Ali n'kuvala nsapato zomwezo kuthamangira sukulu ya masana, kumene akuchedwa tsiku ndi tsiku.

Onani mmene ikukwaniritsira zonse tanena zija. Vuto likuoneka m'mphindi zisanu zoyambirira. Mbali yaikulu ndi ana akuthamanga, akuchapa nsapato, akuthamangitsa imodzi imene yagwera m'ngalande n'kumatengedwa ndi madzi. Mulibe chovula, mulibe kutukwana koti mutseke makutu a ana. Ndipo palibe Mmalawi kapena Mzambia amene angafune kuti wina amufotokozere tanthauzo la kutaya nsapato zokhazo pakhomo pamene palibe ndalama. Pali kagawo kena kamene bambo akuduladula shuga wa kumzikiti, mulu uli patsogolo pawo, koma akukana kutapako woti amwere tiyi chifukwa si wawo. Agogo akangoona pamenepo sadzafunanso womasulira. Kenako pakubwera mpikisano wothamanga wa ana asukulu, umene mphoto yachitatu ndi nsapato, ndipo Ali akulowa ndi cholinga choti akhale wachitatu, osati woyamba. Mmene zikuthera sindinena. Filimuyi inafika pa mndandanda womaliza wa Oscar ya filimu ya chinenero chachilendo, yoyamba ya ku Iran kufika pamenepo, koma inagonja kwa Life Is Beautiful ya ku Italy.

Konzekerani malo awiri. Chakumayambiriro anawo akukambirana polemberana m'kope, makolo ali pomwepo, kuti asamve. Pamenepo nkhani yonse ili m'mawu olembedwa, choncho wina awerengere amene sakutha kutsata. Chachiwiri, mathero ake ndi achete, ndipo ana angafunse kuti "yatha?" Auzenitu kuti chakumapeto bambo akamaoneka ndi njinga, ayang'anitsitse katundu ali kumbuyo.

Ngati pakhomo pachuluka anyamata a mpira amene sangakhale pansi chifukwa cha nsapato za mwana, tengani Shaolin Soccer ya Stephen Chow, ya ku Hong Kong ya mu 2001. Anthu amene anaphunzira kung fu limodzi, pano ali pa umphawi, akupanga timu ya mpira motsogozedwa ndi katswiri wakale wolumala mwendo. Ndi phokoso, zopusa ndi kuseka kokhakokha, ndipo munthu angaitsate ngakhale atawerenga theka la mawu. Muli kumenyana kwa masewera ndi nthabwala zina zotsika, monga pamene wina akuvekedwa kabudula wamkati kumutu, ndiye ganizirani amene adzakhalepo. Imapezeka m'makope osiyana, ina yofupikitsidwa komanso yolankhula Chingerezi. Funani ya Chikantonizi, chinenero cha ku Hong Kong.

Pakhomo pa ana aang'ono okhaokha, Totoro ija ndi yabwino ngati za kubafa ndi za mizimu sizikuvutani. Ndi ya mphindi 86, anakonza Hayao Miyazaki, ndipo ndi nkhani ya Satsuki ndi Mei amene asamukira kumudzi ndi bambo awo pamene mayi ali m'chipatala. Mulibe mdani, mulibe mfuti. Kuyambira mu 2020 mafilimu a Studio Ghibli akhala akupezeka pa Netflix m'mayiko ambiri kuphatikizapo a mu Africa, koma yang'anani kaye ngati ilipobe. Spirited Away ya Miyazaki yemweyo ndi yotchuka kwambiri, koma imapitirira maola awiri, ndipo makolo kusanduka nkhumba kungalize mwana wa zaka zisanu.

Ngati mukukayika ngati banja lanu lingakhale pansi n'komwe, liyeseni ndi The Red Balloon ya ku France ya mu 1956. Ndi ya mphindi 34 zokha: kamnyamata ndi chibaluni chofiira chimene chikukalondola m'misewu ya Paris. Mawu alimo ndi owerengeka pa zala, komabe inapambana Oscar ya nkhani yolembedwa bwino. Kuwerenga siiphunzitsa, koma imazoloweretsa anthu kutsata nkhani ndi maso.

Nanga amalume aja amene amati filimu yowerenga si filimu? Akumbutseni The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, imene anakonza Chiwetel Ejiofor. Mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa, ndipo anthu a mayiko ena anaitsata powerenga m'munsi, monga mmene inu mukuwapemphera kuti achite ndi ya ku Iran. Imathandizanso mwanjira ina. Poti Chichewacho mukuchimva, ngakhale cha osewera ena chikuchita kuonekeratu kuti n'chophunzira, mungathe kuyerekezera zimene zanenedwa ndi zimene zalembedwa. Mudzaona kuti wolemba amafupikitsa, amasiya mawu ena, amangotenga mutu wa nkhani. Munthu akazindikira zimenezi amasiya kuopa kuti akaphonya mzere umodzi ndiye kuti wataya zonse.

Konzani zipangizo dzulo lake

Mafilimu ambiri abwino afera pa zinthu zazing'ono za rimoti. Choyamba yang'anani mawu olankhula. Pa Netflix ndi kwina filimu itha kuyamba yokha ndi mawu a Chingerezi ojambulidwa pamwamba, ndiye pitani pa Audio musankhe chinenero chenicheni cha filimuyo. Pa ma subtitle mukapeza English ndi English CC, sankhani English. Ya CC inakonzedwera anthu osamva, imalemba ngakhale kulira kwa chitseko ndi nyimbo, ndipo nthawi zambiri imatsata mawu a Chingerezi ojambulidwa pamwamba aja m'malo motsata zimene osewera akunenadi. Mawu amene YouTube imadzilembera yokha musawadalire.

Kenako kukula kwa zilembo. Khalani pampando wakutali kwambiri, pamene pamakhala agogo, muone ngati mukuwerenga osatsinzinira. Ngati ayi, kulitsani zilembo kapena sendezani mipando. Ma TV ena akaikidwa pa Zoom amadula m'munsi mwa chithunzi, n'kudula mzere wachiwiri wa mawu, choncho bwezerani pa 16:9 kapena pa Original. Foni ndi ya munthu mmodzi kapena awiri. Anthu asanu ndi mmodzi sangawerenge pa foni. Laputopu ilumikizeni ku TV ndi chingwe cha HDMI.

Ngati filimu ili pa fulashi ndipo mawu ake ali m'fayilo yapadera ya srt, mafayilo awiriwo akhale mufoda imodzi ndipo akhale ndi dzina lofanana ndendende, kusiyana kukhale kumapeto kokha. Ma TV ena amawerenga fayilo yotere, ena ayi, n'chifukwa chake muyenera kuyesa dzulo lake. Pa kompyuta pulogalamu yoonera mafilimu ya VLC imathandiza kwambiri: batani la V limasintha ma subtitle, la B limasintha chinenero cholankhulidwa, ndipo G ndi H amasendeza mawu kutsogolo kapena m'mbuyo ngati akufulumira kapena kuchedwa. Yang'anani poyambira, pakati ndi kumapeto, chifukwa fayilo yolakwika imayamba bwino n'kumataya pang'onopang'ono, mpaka munthu akulira mawu ake n'kufika iye atatuluka kale m'chipinda. Makope otchipa a m'misika, kupatula kuti eni filimu sapezapo kanthu, kawirikawiri amakhala ndi Chingerezi chomasuliridwa ndi makina chimene ngakhale mphunzitsi sangachimve.

Za bandulo: Netflix imadya pafupifupi 1 GB pa ola pa chithunzi wamba, ndipo itha kufika 3 GB pa ola pa HD. Filimu ya ola ndi theka pa chithunzi wamba ndi yokwanira, mawu amawerengeka bwinobwino. Tchajani laputopu ndi sipika masana, kuti magetsi akathima musasiyire pakati pa mpikisano wa Ali.

Tsiku lenilenilo

Sankhani madzulo amene palibe mpira waukulu kapena nkhani ya pa TV imene amayi amatsata, apo ayi mwayamba ndi adani. Yambani msanga, anthu atangodya koma asanalemedwe, ndipo ntchito za kukhitchini zikhale zitatha, chifukwa filimu yowerenga sungaitsate ndi khutu uli kotsuka mbale. Ichi muwauziretu atsikana ndi anyamata omwe. Mafoni akhale m'thumba. Wongoyang'ana WhatsApp kamodzi wataya mizere itatu.

Mawu oyamba akhale ochepa. "Iyi ndi ya ku Iran. Mnyamatayo ndi Ali, mlongo wake ndi Zahra, ndipo wataya nsapato zake." Basi. Mbiri ya wokonza filimu ndi mphoto zake musawauze pano. Mukayamba ndi ulaliki anthu amaona ngati abwera m'kalasi.

Kenako sankhani womasulira. Ife ntchito imeneyi tinaizolowera m'mavidiyo shoo, kungoti pakhomo imafuna ulemu wina. Akhale mmodzi yekha, akhale pafupi ndi agogo ndi ana aang'ono, azilankhula chapansipansi. Asamasulire mzere uliwonse. Azidikira kukambirana kuthe, n'kunena mwachidule: "Agogo, akuti akachedwanso mawa amuchotsa sukulu." Asaonjezere nthabwala zake, asanene zimene zichitike kutsogolo, ndipo pamene nkhope zikulankhula zokha akhale chete. Mwana wa sekondale amaikonda ntchito imeneyi, ndipo Chingerezi chake chimapindulapo iye osadziwa. Inu amene munaonera kale musakhale womasulira ngati pali wina, chifukwa simudzapirira, mudzayamba zoti "taonani apa, taonani apa."

Kuimitsa filimu kukhale kwa apo ndi apo, kawiri kapena katatu, makamaka chakumayambiriro pamene anthu akuphunzira nkhope ndi mayina. Wina akafunsa chifukwa chake atsikana onse avala mipango kumutu, kapena chifukwa chake banja likudyera pansi, yankhani mwachidule filimu ikuyenda. Zambiri mukambirana ikatha. Mphindi khumi ndi zisanu zoyambirira mudzamva madandaulo akuti mawu akuthamanga. Musathamangire kusintha kupita ku Chingerezi cholankhula, maso amazolowera. Koma gwirizanani poyamba kuti pakatha mphindi makumi awiri ambiri akadali osakondwa, muzimitsa popanda mkangano. Kuzimitsa mwamtendere kumakusiyirani mpata woyesanso mwezi wamawa, pomwe kukakamiza kumatseka khomo.

Ikatha musawafunse mafunso a mayeso ngati "mwaphunzirapo chiyani?" Ngati yawagwira adzayamba okha, wina kudzudzula Ali, wina kukumbuka nsapato zake zoyamba. Chizindikiro chenicheni mudzachiona mawa lake, mukamva ana akuitanana mayina a mu filimu.

Yachiwiri

Papite sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ulendo uno bweretsani mafilimu awiri amene mwawaonera kale, banja lisankhe lokha. Mungathe kukwera pang'ono pa kuchuluka kwa mawu. Wadjda ya mu 2012, ya m'Chiarabu, inakonzedwa ndi mayi wa ku Saudi Arabia, Haifaa al-Mansour: kamtsikana ka ku Riyadh kakufuna njinga yobiriwira ya mariyali 800 m'dziko limene atsikana sankayembekezeka kupalasa njinga, ndipo kakulowa mpikisano wa Korani kuti kapeze ndalamazo. Muli nkhani ya bambo ofuna kukwatira mkazi wachiwiri, ndiye ngati pakhomo panu imeneyo ndi bala laliwisi, isiyeni. Lunana: A Yak in the Classroom ya ku Bhutan ya mu 2019 ndi ya mphunzitsi wachinyamata amene mtima uli ku Australia, koma boma lamutumiza kusukulu ya kumapiri yoyenda masiku angapo wapansi, yopanda ngakhale bolodi, pakhomo pa aphunzitsi imeneyi idzawafika pamtima. Supa Modo ya ku Kenya ya mu 2018 ndi yaifupi, mphindi 74, ndipo mawu ena a Chiswahili mudzawamva osawerenga, koma ndi ya mwana wodwala matenda osachiritsika, choncho musaionetse pakhomo pamene pangochitika maliro.

Ngati m'banjamo muli wina amene amadyera njinga, wakabaza kaya wogulitsa makala, tsiku lina mudzamuonetse Bicycle Thieves ya Vittorio De Sica, ya ku Italy ya mu 1948. Ndi yakuda ndi yoyera, ya bambo amene mkazi wake wapinyolitsa nsalu zapabedi kuti awombole njinga yogwirira ntchito, njingayo n'kubedwa tsiku loyamba lomwe, ndipo iye ndi kamwana kake akuisaka mumzinda wonse wa Rome. Mathero ake ndi owawa, ndiye ikhale yachitatu kapena yachinayi. Za ku India za maola pafupifupi atatu zija zisungireni tchuthi cha Khirisimasi, muzidule pawiri pamene pali kupumula pakati. Parasite muonere akuluakulu okhaokha, ana atagona ndipo apongozi atabwerera kwawo.